Madzi a mvula analowa m'nyumba ndipo khoma likukana kuuma: ndiyambire pati?

Funso: "Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Sadzi mumzinda wa Zomba. Nyumba yathu ndi ya njerwa zootcha, koma pomanga tinagwiritsa ntchito dothi, simenti inangolowa pa pulasitala ndi pansi. Kuseri kwa nyumbayi kuli chitunda. Usiku wina mwezi wa Januwale kunagwa chimvula, madzi analowera kukhomo la kumbuyo mpaka kulekeza m'akakolo m'zipinda ziwiri. Tinawakapa n'kukolopa, koma papita masabata awiri khoma la kumbuyo likadali lonyowa kufika m'mawondo, penti ikutukumuka, pakhomapo pakutuluka ufa woyera, ndipo kuseri kwa wadiropu kwachita madontho akuda. M'nyumba mukununkha chinyontho ndipo mwana wanga wamng'ono akutsokomola usiku. Ndaonanso mng'alu pakona ya zenera komanso banga pa siling'i. Mmisiri wina wandiuza kuti tigumule pulasitala, tiike wina wosakaniza ndi mankhwala oletsa madzi, kenako tipake penti ya mafuta. Ndalama zanga n'zochepa ndipo sindikufuna kuzitaya. Ndichite chiyani, ndipo kodi nyumbayi siitigwera?"

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa chofotokoza zonse mwatsatanetsatane, ndipo pepani ndi zimene zakuonekerani. Mtima ukhale m'malo, chifukwa zambiri mwa zimene mwatchulazi zimachitika m'nyumba iliyonse imene yamwa madzi, ndipo zimakonzeka popanda kugwetsa nyumba. Khoma kukhalabe lonyowa patatha masabata awiri, mvula ikugwabe, si chizindikiro choti nyumba yatha. Amisiri timayerekeza kuti khoma la njerwa limauma pafupifupi mamilimita 25 a kuchindikala kwake pamwezi, choncho khoma lakunja lochindikala mamilimita 230 likakhuta madzi lingatenge miyezi ingapo, ngakhale likuumira mbali zonse ziwiri. Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musagule thumba la simenti ya pulasitala kapena chitini cha penti panopa. Pa zaka zimene ndagwira ntchito yomanga ndi kukonza nyumba kuno ku Zomba, ndalama zambiri zimene ndaona zikutayika ndi zimene anthu amathira pakhoma la mkati pamene madzi akadali ndi njira yofikira pakhomalo kuchokera panja.

Tisanakambe za kuuma kwa khoma, pali zinthu ziwiri zokhudza moyo, ndipo choyamba ndi mng'alu umene mwauonawo. Dothi limene lili pakati pa njerwa limagwira bwino likakhala louma, koma likanyowa kwa masiku ambiri limafewa, ndipo khoma limayamba kukhala pansi mosafanana chifukwa cha kulemera kwake komwe ndi kwa denga. Nyumba zambiri zimene zinagwa m'chigawo cha kummwera, kuphatikizapo boma lathu lino, pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, zinagwa makoma ake atafewa ndi mvula ya masiku otsatizana. Komabe si mng'alu uliwonse umene uli woopsa. Kamng'alu kopyapyala kongolekeza mu pulasitala, komwe chikhadabo sichingalowemo, kamapezeka pakona za mazenera m'nyumba zambiri ndipo sikadetsa nkhawa. Lero lomwe tengani pensulo, lembani kamzere pamene mng'aluwo wathera mbali zonse ziwiri, ndipo lembani tsiku pambali pake. Matani kasimenti kapyapyala kopingasa mng'aluwo m'malo awiri, kenako muziyang'anapo m'mawa uliwonse komanso mvula yamphamvu ikangotha. Kasimentiko kakasweka, kapena mng'alu ukapitirira mzere wa pensulo, ndiye kuti khoma likuyenda.

Zizindikiro zimene siziyenera kudikira ndi izi: mng'alu wokula moti pensulo ingalowemo, woonekera mkati ndi kunja komwe, wotsika ngati masitepe motsata mizere ya njerwa, chitseko kapena zenera limene linkatsekeka bwino n'kuyamba kukakamira, khoma lotuluka mimba kapena lopendekera, komanso pansi potsika pafupi ndi khomalo. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, banja lonse lituluke m'chipindacho, ndipo ngati mvula ikugwa usiku kagoneni kwa achibale kapena anansi. Ngakhale musanaone chilichonse, chotsani mabedi a ana pafupi ndi khoma la kumbuyolo mpaka dzinja litatha.

Chachiwiri ndi magetsi. Ngati madzi anafika pa soketi iliyonse, kapena ngati mawaya akudutsa pamwamba pa siling'i yothimbirirayo, zimitsani magetsi pa main switch mutaima pouma ndi manja ouma, ndipo itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso kuti ayeze mawaya musanayatsenso mbali imeneyo. Khoma lonyowa limatha kugwira munthu nyesi, ndipo amene amakonda kukhudza khoma m'munsi ndi ana. Vuto likakhala pa mita kapena pa waya wochokera papolo, musalole wina aliyense kugwirapo kupatula a ESCOM.

Tsopano tibwere pa gwero la madzi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mwanena kuti khoma lonyowa ndi la kumbuyo, kumene kuli chitunda, ndipo chinyonthocho chalekeza m'mawondo. Zimenezi zikundiuza kuti madzi amene analowera pakhomo usiku uja ndi gawo lochepa chabe la vuto lanu. Gawo lalikulu ndi madzi amene amatsika chitundacho mvula iliyonse n'kudzaima m'tsinde mwa khoma, kenako njerwa n'kumawakoka kupita m'mwamba monga momwe chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Zomba ndi mzinda wokhala m'tsinde mwa mapiri, ndipo madzi onse otsika m'mapiriwa amafunafuna njira yopita ku mitsinje monga Likangala ndi Mulunguzi. Pamene mitengo yadulidwa ndipo nyumba zachulukana m'malo otsetsereka, madziwo salowanso pansi koma amathamanga pamwamba atanyamula dothi, ndipo nyumba imene ili panjira yawo ndiyo imawalandira.

Mvula ikadzagwanso masana, tengani ambulera muzungulire nyumba yanu ikugwa choncho. Mudzaona ndi maso anu pamene madzi akuchokera, pamene akuima, ndi pamene akuwomba khoma. Mvula ikakata, tengani khasu mufukule pang'ono m'tsinde mwa khoma la kumbuyo, mufufuze pepala lakuda la pulasitiki limene amisiri amayala pamwamba pa maziko asanayambe khoma, lija amalitchula kuti DPC. Pepala limeneli liyenera kukhala mamilimita osachepera 150 pamwamba pa nthaka ya panja, amene ndi pafupifupi mizere iwiri ya njerwa. M'nyumba zambiri za m'malo otsetsereka ndimapeza pepalalo lilipo ndithu, koma linakwiririka kalekale ndi dothi limene madzi akhala akubweretsa chaka ndi chaka, mwinanso ndi bedi la maluwa kapena masamba limene eni nyumba anaunjika mogundiza khoma. Zikatero madzi amangodutsa pamwamba pa pepalalo n'kulowa m'njerwa. Nthawi zina nthaka ya panja imafika pokwera kuposa pansi pa chipinda cha mkati, ndipo pamenepo palibe pulasitala amene angathandize. Mankhwala ake ndi khasu ndi wilibala: chotsani dothilo mpaka pepala lionekere ndipo nthaka itsetserekere kutali ndi nyumba. Samalani kuti musakumbe mozama mpaka kuvundukula maziko, makamaka panopa pamene nthaka ili yofewa.

Mukatero kumbani ngalande yopingasa kumtunda kwa nyumba, mamita awiri kapena atatu kuchokera pakhoma ngati malo alipo, kuti igwire madzi asanafike panyumba n'kuwapititsa m'mbali. Ngalandeyo ikhale yotsetsereka pang'ono kuti madzi asaimemo, chifukwa ngalande yosunga madzi kumtunda kwa nyumba imanyowetsa maziko kuposa kusakhala nayo. Dothi lofukulidwalo muliunjike m'mphepete mwa ngalandeyo, mbali yoyang'ana kunyumba, kuti likhale mzere wotchinga, ndipo bzalanipo udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira nthaka. Mukapeza ndalama mudzayalemo miyala kapena njerwa ndi simenti. Pano pali nkhani ya anansi, imene ndimaona ikudanitsa anthu chaka chilichonse: madzi amene mwawakhotetsa ayenera kukathera mungalande ya kumsewu, osati pakhoma kapena pachimbudzi cha mnzanu wa kumunsi. Khalani pansi ndi a kumtunda ndi a kumunsi kwanu, ndipo ngati pakufunika pemphani amfumu kapena atsogoleri a m'dera kuti akhalepo, mugwirizane njira imodzi ya madzi. Pakhomo la kumbuyolo mangani kachipupa ka mizere iwiri ya njerwa ndi simenti, ndipo pakali pano matumba a mchenga angakutetezeni.

Madzi a padenga lanu lomwe musawaderere. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Choncho denga la mamita 10 mulitali ndi mamita 8 mulifupi likalandira mvula ya mamilimita 50 usiku umodzi limatsitsa malita 4,000, amene ndi migolo 20 ya malita 200. Ngati madzi onsewa akugwera m'tsinde mwa khoma n'kumathovukira panjerwa, khomalo silingaume. N'chifukwa chake khonde la simenti lozungulira nyumba, lotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi ndi lopendekera kunja, lili lofunika kwambiri kuposa penti ya mkati. Ngati muli nalo kale, onani ngati silinalekane ndi khoma, chifukwa mpata umenewo umamwetsa madzi m'maziko mwachindunji.

Banga la pa siling'i ndi nkhani ina payokha. Madzi sadontha nthawi zonse pamene alowera, amatha kuyenda motsata thabwa la denga n'kukagwera patali, choncho munthu akwere m'denga ndi tochi nthawi ya mvula, magetsi atazimitsidwa, aziponda pamatabwa okha. Kawirikawiri timapeza misomali imene yazuka ndi mphepo, misomali yokhomedwa m'chigwa cha lata m'malo mwa pamsana pake, malata olumikizana mopereweza, kapena masamba a mitengo atatseka polumikizana madenga awiri. Zimenezi sizidya ndalama zambiri. Siling'i ikakhala kuti yatsika mimba chifukwa chosunga madzi, ikani ndowa pansi n'kuboola kabowo kuti madzi atuluke, isanagwere munthu. Yesaninso mipope: tsekani mipope yonse ya panyumba, lembani manambala a pa mita ya a Southern Region Water Board, ndipo mukaonenso pakatha ola limodzi. Manambala akasuntha ndiye kuti pali paipi yodontha penapake, ndipo pafunika pulambala. Malinga ndi mmene mwafotokozera sindikuganiza kuti vuto lanu ndi limeneli, koma kuyesako n'kwaulere.

Za m'nyumba, kumbukirani kuti madzi amene analowa aja anadutsa m'mabwalo a anthu, m'maenje a zinyalala, mwinanso m'zimbudzi zokumba zimene zinasefukira, choncho kukolopa ndi madzi okha sikukwanira. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. Tsukani pansi ndi m'munsi mwa makoma ndi sopo poyamba, kenako pukutani ndi madzi osakaniza kapu imodzi ya Jik mundowa ya malita 20. Madontho akuda a kuseri kwa wadiropu ndi chuku, ndipo chimayamba kumera pakangotha tsiku limodzi kapena awiri chinthu chili chonyowa pamalo opanda mpweya. Pamenepo pamafunika msakanizo wamphamvu, kapu imodzi m'malita anayi a madzi. Valani magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi mphuno, tsegulani mazenera, ana akhale panja, ndipo musapale chuku chili chouma chifukwa fumbi lake ndilo limalowa m'chifuwa. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wa poizoni. Ufa woyera umene ukutuluka pakhoma si chuku, ndi mchere wa m'njerwa ndi m'nthaka umene madzi amausiya akamauma. Umenewo ungosesani ndi burashi youma, chifukwa mukautsuka ndi madzi umasungunuka n'kubwereranso m'khoma.

Kokerani wadiropu, mabedi ndi mipando kutali ndi khoma, chotsani kapeti ya pulasitiki ngati munayala pansi, ndipo mazenera ndi zitseko zizikhala zotsegula tsiku lonse pamene sikukugwa mvula, kuti mphepo izidutsa. Matiresi ndi zofunda zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa, koma matiresi amene anamira m'madzi amatope n'kukhala masiku osauma ndi ovuta kuwapulumutsa, ndipo mwana asagonepo. Chonde musaike mbaula ya makala m'chipinda chotseka pofuna kuumitsa khoma, chifukwa mpweya wa makala sununkha koma umapha anthu ali m'tulo. Ufa, chimanga, mtedza kapena nyemba zimene zinanyowa ndi madziwo kapena zachita chuku zitayidwe, ndipo musapatse nkhuku, chifukwa poizoni wa chuku sachoka ndi kuphika. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya mwezi ngati uno n'kowawa, koma chiwindi cha mwana chikawonongeka mtengo wake ndi waukulu kuposa thumba la chimanga. Madzi akumwa muziwawiritsa kapena kuthiramo WaterGuard.

Mwana wotsokomolayo azigona m'chipinda chouma kwambiri m'nyumbamo, muneti yoteteza udzudzu. Ine ndine womanga, si wachipatala, choncho ndikukulangizani kuti mupite naye kuchipatala chapafupi ndipo mukawauze kuti m'nyumba munalowa madzi ndipo muli chuku. Ngati akupuma mofulumira kapena molira, nthiti zikulowa mkati popuma, watentha thupi, kapena wayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, musadikire kuti kuche, pitani naye msanga ngakhale ku Zomba Central Hospital, ndipo wotsegula m'mimbayo muzimumwetsa Thanzi ORS m'njira.

Tsopano za malangizo a mmisiri uja. Sikuti munthuyo sadziwa ntchito, chifukwa pulasitala amene wamwa mchere amafunikadi kugumulidwa, koma nthawi yake ndi mtundu wa zopakazo ndi zimene sindikugwirizana nazo. Mukamata khoma lonyowa ndi pulasitala wosalowa madzi n'kupakanso penti ya mafuta, mumakhala mutatsekera madzi mkati mwa khoma. Kwa miyezi ingapo chipinda chimaoneka bwino, kenako chinyontho chimakwera n'kukatulukira pamwamba pa pulasitala watsopanoyo, pamene dothi la pakati pa njerwa likukhalabe lofewa posaoneka. Pa khoma lomangidwa ndi dothi zimenezi n'zoopsa, chifukwa mumabisa chizindikiro chimene chikanakuchenjezani. Chimene mungachite panopa ndi kupala penti yotukumukayo kuti khoma lipume, ndipo ngati mng'alu sukuyenda, mungathenso kuchotsa pulasitala wa mkati amene walekana kale ndi njerwa. Mudzamudziwa pogogoda ndi chogwirira cha hamala, chifukwa wolekanayo amalira ngati mkati mulibe kanthu. Pulasitala wa kunja musamuchotse mvula ikugwa, chifukwa ndiye akuteteza dothilo.

Ntchito yomata idikire chilimwe. Kuno ku Zomba miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira ndipo kumachita mvula yowaza ya chiperoni, choncho khoma limauma bwino kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Kuti mudziwe ngati lauma, matani pepala loonekera la pulasitiki, la masentimita 40 mbali zonse, pakhomalo ndi tepi kuzungulira konse, n'kulisiya masiku awiri. Mukapeza timadontho kumbali yoyang'ana khoma, kapena malowo atada, ndiye kuti madzi akadalimo. Likauma, mmisiri agumule pulasitala mpaka masentimita 30 kupitirira pamene chinyontho chinalekeza, akolokose dothi la m'mizere ya njerwa mamilimita 15 mpaka 20 n'kudzazamo matope a simenti, kenako amate ndi muyeso umodzi wa simenti pa miyeso isanu kapena isanu ndi umodzi ya mchenga woyera wopanda dothi. Pulasitalayo azithiriridwa madzi pang'onopang'ono kwa sabata imodzi, ndipo padutse pafupifupi mwezi musanapake. Pakani laimu kapena penti ya madzi, zimene zimalola khoma kutulutsa chinyontho. Mukapeza kuti pepala la DPC mulibiretu, n'zotheka kulilowetsa pochotsa njerwa kagawo kakang'ono nthawi imodzi, kosapitirira mita imodzi, n'kubwezeretsa ndi simenti musanapite pena, koma ntchito imeneyi ndi ya m'chilimwe ndipo ndi ya mmisiri amene anaigwirapo kale, amene angakuonetseni nyumba zimene anakonza.

Popeza ndalama n'zochepa, ziyambe zapita ku ngalande, ku kachipupa ka pakhomo ndi ku denga, kenako ku khonde lozungulira, ndipo pulasitala ndi penti zikhale zomaliza. Jambulani zithunzi za khoma, mng'alu ndi katundu wowonongeka, ndipo dziwitsani atsogoleri a m'dera lanu ndi khansala, chifukwa malipoti a ngozi zogwa mwadzidzidzi amadutsa ku khonsolo asanafike ku nthambi ya boma yoona za ngozizi ya DoDMA. Ngati madzi akuchokera kungalande ya msewu yotsekeka kapena yosakwanira, kadandauleni ku khonsolo ya mzinda wa Zomba pamodzi ndi anansi anu, chifukwa vuto lotero munthu mmodzi sangalithetse ndi khasu lake. Ndipo mng'alu uja ukasonyeza kuti ukuyenda, musalole kuti ungomatidwa. Pemphani injiniya wa zomangamanga kapena akatswiri a ku khonsolo adzaone maziko, chifukwa n'kutheka kuti khoma limodzilo lifunika kuchirikizidwa panopa, n'kudzaligumula ndi kulimanganso ndi simenti mvula ikatha.